Kalata yotseguka kwa akuluakulu oyang'anira sukulu zathu: tinayamba tili 74, mayeso tinalemba tili 31

Olemekezeka akuluakulu,

Ndikupereka moni kwa inu nonse, abambo ndi amayi amene munapatsidwa udindo woyang'anira sukulu za sekondale kuno kwathu. Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino. Ine ndine mwana wanu, mtsikana wa kuno ku Mangochi, ndipo ndinalemba mayeso a MSCE mu 2025 pa sukulu ina yoyendera ya m'mbali mwa nyanja. Dzina la sukuluyo sinditchula, chifukwa aphunzitsi anga akadali pantchito ndipo mlongo wanga wamng'ono ali Fomu 1 pomwepo. Ndikudziwa kuti si mwambo wathu kuti mwana ayankhule ndi akulu pagulu. Mundikhululukire. Koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo makalata awiri amene komiti ya makolo ndi aphunzitsi inakulemberani mwakachetechete mpaka lero sanayankhidwe.

Chandilembetsa ndi msonkhano umene munachititsa pasukulu pathu zotsatira zitatuluka. Pa zaka zinayi zimene ndinakhala pamenepo, kanali kachiwiri kuiona galimoto yanu. Makolo anaitanidwa, tinakhala pansi pa mtengo wa mango umene timachitirapo asembule. Mmodzi mwa inu anaimirira n'kunena kuti ana a kuno timakonda nyanja kuposa buku, makolo athu saona phindu la sukulu, ndipo mitima ya anyamata ili ku Joni. Kenako anatiuza chigamulo: popeza Physics ndi Chemistry palibe amene akukhoza bwino, sukulu yathu isiye kuphunzitsa maphunziro awiriwa, ndipo mphunzitsi wathu wa sayansi, mmodzi yekhayo, asamutsidwe. Makolo anangoti zyoli. Palibe amene anayankha, koma musayese kuti anavomera. Kwathu kuno munthu akakhala chete pamaso pa bwana ndiye kuti akulemekeza mpando.

Ine ndinali monitala kuyambira Fomu 1 mpaka Fomu 4. Mayina ndinkaitana ndine, ndipo ndinali ndi kope langalanga momwe ndinkalembamo amene wajomba. Kopelo ndikadali nalo. Tsamba loyamba lili ndi mayina 74. M'chipinda cha mayeso tinalowamo 31. Anzanga 43 amene anatsalira panjira ndikuwadziwa mmodzimmodzi, mudzi wake, ndi sabata imene dzina lake linasiya kuyankhidwa. Musanagamule kuti vuto ndi nyanja, ndiloleni ndikuyendetseni m'kopemu.

Choyamba ndi nkhani ya malo ogona atsikana. Tinalowa Fomu 1 kumayambiriro kwa 2022, kalendala ya sukulu idakali yosokonekera chifukwa cha Covid-19. Ndife ana aja amene tinakhala pakhomo miyezi yambirimbiri sukulu zitatsekedwa mu Marichi 2020, ndiye tinafika ku sekondale tili ndi mipata m'mutu imene palibe anaitseka. Sukulu yoyendera imasankha ana kuchokera ku sukulu za pulayimale zoizungulira, ndipo zina zili kutali zedi. Panali anzathu amene ankadzuka tambala woyamba, kuyenda maola awiri, kufika m'kalasi thukuta lili kamukamu, phunziro loyamba litatha. Wa kabaza tsiku ndi tsiku ndani angamulipire? Choncho atsikana ambiri ankachita lendi timanyumba pafupi ndi msika, zimene timazitcha selefu.

Ndikufuna mulowe nane m'chipinda chimodzi cha selefu. Atsikana anayi, mphasa ziwiri, mbaula pakona, thumba la ufa lopachika kudenga kuopa makoswe. Chitseko chinali chopanda loko, usiku tinkachitsekera ndi chigubu cha madzi ndi mwala. Panalibe metironi kapena munthu wamkulu aliyense wofunsa kuti wagona kuti. Ufa ukatha pakati pa mwezi, kunyumba n'kutali. Ndipo usipa ukagwidwa wambiri, padoko pamakhala anthu a ndalama m'thumba amene amadziwa bwino lomwe chipinda chimene ufa watha. Mnzanga amene tinkagona mphasa imodzi ankatitsogolera tonse pa masamu. Funso limene tonse tazunguzika nalo, iye ankangoliyang'ana kamodzi n'kuyamba kuseka. Anachoka ali Fomu 2, ali ndi pakati. Malamulo olola mtsikana kubwerera kusukulu akabereka alipo kuyambira 1993, ndipo kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko lino salola ukwati wa munthu wosakwana zaka 18. Koma panalibe amene anapita kukamulondola, kupatula amayi awiri a gulu la amayi amene anayenda wapansi kawiri konse n'kutopa. Lero amayanika usipa pathandala, mwana kumbuyo, ndipo mitengo ya ndowa amaiwerengera pamtima msanga kuposa ogula amene ali ndi foni m'manja.

Chopweteka n'chakuti hositelo inayambidwa. Tili Fomu 1 tinauzidwa kuti mudzi upereke njerwa ndi mchenga, zotsalazo zichokera kwa inu. Makolo omwe aja munati saona phindu la sukulu anaumba njerwa, anaotcha uvuni, amayi anatuta mchenga pamutu. Ifenso Lachisanu lililonse masana tinkasenza njerwa ziwiriziwiri. Khoma linafika pa mawindo n'kuima. Mmisiri anachoka, ndipo palibe anatiuza chifukwa chake. Panopa m'kati mwake mwamera mitengo ndipo mumagona mbuzi. Pa atsikana 33 amene tinayamba, tinamaliza 9.

Chachiwiri ndi madzi ndi zimbudzi. Ichi sindichedwapo chifukwa mukuchidziwa. Kumapeto kwa 2022 kolera inavuta kwambiri m'boma lino. Nthawi imeneyo mjigo wa pasukulu unali utafa, ndipo atsikana tonse a sukulu yonse tinali ndi zimbudzi ziwiri, chimodzi chopanda chitseko. Tinalandira mapepala otiuza kuti tizisamba m'manja ndi sopo, tinawamata pakhoma, koma madzi osambira m'manjamo tinkakatunga kunyanja. Kwa ife atsikana palinso masiku aja a mwezi ndi mwezi. Kope langa likuonetsa poyera momwe mayina omwewo ankasowera masiku atatu kapena anayi mwezi uliwonse, ndipo aliyense m'kalasi ankadziwa chifukwa chake ngakhale panalibe wochitchula.

Chachitatu ndi denga. Mu Marichi 2023, nthawi ya namondwe Freddy, mphepo inasasula malata a chipinda chathu cha Fomu 2. Tikudziwa kuti anzathu a ku Blantyre, Mulanje, Phalombe ndi Chiradzulu anaona zoopsa kuposa ife, ndipo sitinayembekeze kuti tikhala oyamba kuthandizidwa. Koma tinakonzekera mayeso a JCE, amene anali atangobwezeretsedwa kumene mu 2021, tili pansi pa mtengo, bolodi titaliyedzamiritsa ku tsinde. Kukachita mitambo ndiye kuti tawerukatu. Malata atsopano anakhomedwa ndi ndalama zimene makolo anasonkha, ife tili kale Fomu 3.

Chachinayi ndi njala ndi thandizo la fizi. Chaka cha Fomu 3 ndicho chinatidyera anyamata. Mu Novembala 2023 ndalama ya kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo kope, sopo, yunifolomu, lendi ya selefu, zonse zinakwera nthawi imodzi. Mvula inadula, moti mu Marichi 2024 boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi ya njala. Chaka chomwecho nyanja inasefukira kuposa momwe ife tinaionerapo, n'kulowa m'nyumba ndi m'minda ya m'mphepete. Mnyamata wa zaka 17 amene kwawo agona ndi njala masiku awiri, wina akamuuza kuti tiye ukakhale mlovi usiku uno ubwere ndi kangachepe, mukuganiza kuti ayankha chiyani? Ankapita usiku kukakoka chilimira, m'mawa n'kubwera m'kalasi maso ali psuu, kugona pa desiki. Pakapita milungu ingapo ankabwera Lolemba lokha, kenako osaonekanso. Asanu ndi mmodzi anapita ku Joni. Mmodzi amanditumizirabe mauthenga pa WhatsApp kufunsa kuti amene uja anakhoza bwanji, nanga uja.

Ena mwa iwo anali pa mndandanda wa olandira thandizo la fizi. Mayina analembedwa, mafomu anasainidwa ndi amfumu, koma ndalama zinkafika teremu itatha, nthawi zina osafika n'komwe, mwana atabwezedwa kale kunyumba kangapo. Ahedi athu ankayesetsa kuwabisa m'kalasi, koma nawonso ankafunsidwa za ndalama. Tamva kuti kuyambira mu 2026 maphunziro a sekondale m'sukulu za boma ndi aulere, ndipo tikuthokoza. Zikanabwera msanga, mayina ena m'kope langa sakanadulidwa mzere. Komabe kuchotsa fizi sikumanga hositelo, ndiponso sikugula botolo ngakhale limodzi la mu labotale.

Ndisaname, si onse 43 amene anachotsedwa ndi umphawi. Alipo amene ankathawa m'kalasi kukaonera mpira ku vidiyo, alipo amene anatengeka ndi kubetcha pa foni, ndipo alipo makolo awiri kapena atatu amene anakonda chiwongo kuposa satifiketi. Ndikawerenga m'kope langa, oterewa sakwana khumi. Otsalawo ankafuna sukulu.

Ndipo musaganize kuti zaka zinayizi zinali misozi yokhayokha. Timu yathu ya netibo, yosewera opanda nsapato pabwalo la mchenga, inagonjetsa sukulu yogonera konko imene inabwera ndi basi ndi yunifolomu zatsopano, ndipo tinaimba njira yonse mpaka mawu kutha. Tinali ndi gulu la zisudzo limene linkadzaza anthu pamsika. Akhristu ankakumana Lachitatu m'chipinda china, Asilamu m'chipinda china, pa Eid tinkadyera limodzi mpunga, pa Khirisimasi chimodzimodzi. Koma tsiku limene kalasi yathu siidzaiwala ndi ulendo wa kalabu ya zachilengedwe ku Cape Maclear, tili Fomu 3. Tinagulitsa zitumbuwa ndi mandasi miyezi iwiri kuti tipeze ya lole. Ambiri mwa ife, ana obadwira m'mbali mwa nyanja yomweyi, tinali tisanamvepo kuti malo otetezedwa a Lake Malawi National Park anaikidwa ndi UNESCO pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984, chifukwa cha timbuna tomwe tija timatiyesa nsomba wamba.

Kumeneko kunachitika chinthu chimene ndikufuna muchimve. Aphunzitsi athu a sayansi anayamba kufotokoza kuti nsomba za mtundu wa chambo ndi mbuna zimasunga mazira ndi ana m'kamwa. Asanamalize, mnyamata wina amene m'kalasi sankayankhula n'kamodzi komwe anawalanda mawu. Anafotokoza momwe yaimuna imakonzera kabwalo pamchenga, miyezi imene chambo chimaswa, chifukwa chake boma limatseka nyanja nyengo imeneyo, ndi momwe ukonde wa maso ang'onoang'ono umathera kasawala, tiana ta chambo. Wina anawonjeza za chifukwa chimene usipa sugwidwa mwezi ukamawala, popeza nyale za siginala, zokopera usipa, zimachepa mphamvu. Wachitatu anafotokoza momwe amadziwira kuti mwera ukubwera. Aphunzitsi anangokhala pamwala, kumvetsera, kenako anati, "Zonse mwanenazi ndi Biology ndi Physics. Chatsala n'kuzilemba m'Chingerezi basi." Anyamata amenewa amamasula injini ya boti n'kuibwezeretsa. Awa ndi ana amene mukuti sayansi siwayenera?

Apa ndafika pa chachisanu, chimene chili pamtima pa kalatayi. Sukulu yathu ilibe labotale. Ilibe ngakhale kabati ya zipangizo. Mphunzitsi amene mukufuna kumuchotsayo ankaphunzitsa Physics, Chemistry ndi Biology kuyambira Fomu 1 mpaka Fomu 4, nthawi zina ndi masamu omwe. Zipangizo zonse tinaziona zojambulidwa ndi choko. Pofuna kutionetsa kusiyana kwa asidi ndi alikali, anabwera ndi mandimu, chidulo chimene amayi awo anatcheza, ndi madzi ofiira a maluwa amene anawiritsa kunyumba, n'kuthira m'mabotolo odula pakati. Madzi atasintha mtundu kalasi yonse inakuwa. Za magetsi tinaphunzira ndi mabatire a wailesi ndi babu la tochi yawo. Anachita zimene munthu mmodzi angathe.

Koma mayeso a MSCE ali ndi pepala la pulakitiko, ndipo pepalalo silifunsa ngati unachokera ku sukulu ya labotale kapena ya pansi pa mtengo wa mango. Kutatsala milungu iwiri kuti tilembe, tinasonkha ndalama kupita ku sukulu ina kukaona zipangizo. Tsiku limenelo m'pamene ndinagwira koyamba burette, kachubu kagalasi koyezera madzi a mankhwala. Manja ankanjenjemera, ndinatsegula kampopi kake mopitirira, madzi onse anathera m'botolo, ndipo nthawi yanga inatha chifukwa kumbuyo kwanga kunali mzere wa anzanga 30. Maikulosikopu tinasuzumiramo aliyense kamphindi, ngati tikuona maliro. Kachiwiri kugwira zinthu zimenezi linali tsiku la mayeso lenilenilo, mu Julaye, mwera ukuwomba, zala zitauma ndi kuzizira. Kuwerenga usiku nakonso kunali kwa tochi ya foni, chifukwa batire ya sola imene tinapatsidwa tili Fomu 1 inafa tili Fomu 2 ndipo sinasinthidwe.

Tsono zotsatira zabwera zofooka, ndipo mankhwala amene mwapeza ndi kuchotsa phunzirolo. Akuluakulu, mwana akaonda chifukwa m'nyumba mulibe chakudya, timabisa mbale yake? Kuti munthu aganiziridwe ku yunivesite ya boma amafunika makirediti asanu ndi limodzi kuphatikizapo Chingerezi, ndipo maphunziro a udokotala, unamwino ndi uinjiniya amafuna sayansi. Mukachotsa Physics ndi Chemistry, mwauza mwana aliyense wa midzi yathu, ngakhale amene sanabadwe, kuti zitseko zambiri za ku mayunivesite a KUHeS, MUBAS ndi MUST si zake. Sukulu ya za usodzi ya ku Mpwepwe ili m'boma lathu lomwe lino. Zipatala zathu zikusowa anthu odziwa chiyankhulo ndi makhalidwe a kuno. Kodi anthu amenewo adzachokera kuti? Mlongo wanga amene ali Fomu 1 amafuna kudzakhala wokonza magetsi a sola. Anandifunsa tikuchokera ku msonkhano uja kuti, "Achemwali, ndiye kuti ineyo basi?" Ndinalibe chomuyankha.

Pa ife 31, amene tinapeza satifiketi tilipo 14. Nambala imeneyi kwa inu ndi yochititsa manyazi. Ife tikakumbukira desiki limodzi la anthu anayi ndi buku limodzi la Chingerezi la anthu khumi, timaiona mwina.

Choncho, mwaulemu, m'malo mwa anzanga amene tinamaliza, amene anatsalira panjira, ndi azing'ono athu amene akadali pomwepo, ndikupempha izi:

1. Chigamulo chochotsa Physics ndi Chemistry chiimitsidwe, ndipo mutiuze zimenezo polemba kalata yoti iwerengedwe pamaso pa makolo, pamalo pomwe chinalengezedwa.

2. Mphunzitsi wathu wa sayansi asachotsedwe pokhapokha wina atafika kale. Ndipo mutumize wachiwiri, chifukwa maphunziro atatu m'makalasi anayi si katundu wa munthu mmodzi.

3. Ngati labotale yomanga ili kutali, tiyambe ndi zotheka: kabati yokhoma ya zipangizo ndi mankhwala ofunika pa pulakitiko, komanso dongosolo lokhazikika loti ana a Fomu 3 ndi Fomu 4 azipita ku sukulu yoyandikana nayo ya labotale kawiri pa teremu, mayendedwe osachokera m'thumba la makolo.

4. Mutiuze chimene chinaimitsa hositelo: ndalama zinali zingati, zinagwira ntchito yanji, ndipo zatsala zingati. Sitikuloza munthu chala. Makolo amene anaumba njerwa ali ndi ufulu womva, ndipo akonzeka kuumbanso ngati mutapereka tsiku loyambiranso ntchito. Podikira zimenezo, pakhale mayi wodalirika woyendera atsikana a selefu.

5. Mjigo ukonzedwe, zimbudzi za atsikana ziwonjezedwe, pakhale ndi chipinda chosinthira chokhala ndi chitseko ndi madzi.

6. Thandizo lililonse la ana ovutika lizifika teremu isanayambe, ndipo mndandanda wa olandira uzimatidwa poyera.

7. Mwana akasowa m'kalasi milungu iwiri, pakhale munthu amene ntchito yake ndi kukamulondola, ndipo amayi a gulu la amayi apatsidwe ngakhale njinga imodzi. Mukamawerenga zotsatira za sukulu, muziwerenganso amene anayamba Fomu 1, osati okhawo amene anakhala pa mpando wa mayeso.

Kwa inu ena amene mukuwerenga kalatayi, ngati munaphunzira pa sukulu yonga yathu, kaya ku Makanjira, ku Namwera, ku Katuli kapena ku Monkey Bay, werengani anzanu amene munayamba nawo ndi amene munamaliza nawo, mulembe nambalazo pansipa, ndipo muitumize kalatayi kwa khansala ndi phungu wa kwanu.

Akuluakulu, pempho lomaliza ndi laling'ono. Mudzabwerenso, koma osatumiza uthenga, kuti tisadzasese pabwalo ndi kubwereka mipando kutchalitchi. Mudzafike Lolemba lina m'nyengo ya mvula, galimoto mudzaisiye pamsika, tidzayende limodzi kuchokera pa zipinda za selefu, kudutsa pa khoma la hositelo, mpaka m'kalasi la mlongo wanga. Kope lija ndidzabwera nalo, ndipo mnzanga wa masamu uja wavomera kudzakhalapo ngati tsikulo usipa udzakhale wochepa.

Ine mwana wanu,
Yemwe anali monitala wa kalasi imene inamaliza Fomu 4 mu 2025,
Mangochi